Tizilombo tosamva mankhwala m'matumbo mwa ana: zofunika kudziwa kwa ife makolo

Mwana akagonekedwa m'chipatala chachikulu, nthawi zina anamwino amabwera ndi kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga n'kupempha kuti apukute pang'ono kotulukira chimbudzi kwa mwanayo. Pakapita tsiku limodzi kapena masiku angapo, makolo ena amauzidwa kuti m'matumbo mwa mwana wawo mwapezeka tizilombo tosamva mankhwala. Mwana uja amasamutsidwira m'chipinda cha yekha, ndipo aliyense wolowamo amayamba wavala magolovesi ndi chovala chapamwamba chodzitetezera. Kwa kholo limene lili kutali ndi kwawo, ndipo likumva zonsezi m'Chingerezi kapena m'Chiarabu, mtima umakhala m'mwamba.

Nkhani ino ikufotokoza tanthauzo la zimenezi kwa ife amene tikulera ana ku Al Sadd ndi madera ena a mzinda wa Doha. Mfundo yaikulu ndi iyi: mwana amene wanyamula tizilombo totere m'matumbo nthawi zambiri sakudwala nato, ndipo safunika mankhwala oti atiphe. Koma kholo liyenera kusunga uthengawu ndi kumauza madokotala, chifukwa tsiku limene mwanayo adzadwale matenda a mkodzo kapena a m'magazi, uthengawu ndi umene udzawathandize kusankha mankhwala oyenera mwachangu.

Kunyamula tizilombo n'kosiyana ndi kudwala

Kwathu munthu akamva mawu akuti "ali ndi kachilombo" amaganiza msanga za HIV. Nkhani ino sikukhudzana ndi HIV ngakhale pang'ono. Tikunena za mabakiteriya, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'matumbo mwa munthu aliyense kuyambira masiku oyambirira atangobadwa. Mabakiteriya a m'thupi mwathu ndi ochuluka pafupifupi ngati maselo a thupi lenilenilo, ndipo ambiri amakhala m'matumbo aakulu. Amathandiza kugaya chakudya, amapanga mavitamini ena monga vitamini K, komanso amatsekereza malo kuti tizilombo toopsa tisakhazikike.

Pakati pa mabakiteriya amenewa pali awiri amene madokotala amawatchula kawirikawiri: Escherichia coli, amene amafupikitsidwa kuti E. coli, ndi Klebsiella pneumoniae. Akakhala m'matumbo nthawi zambiri savuta. Vuto limabwera akasochera n'kulowa kumene si kwawo, monga m'chikhodzodzo, mu impso, m'magazi, m'mapapo kapena pabala la opaleshoni. Pamenepo ndiye matenda ayamba, ndipo pamafunika mankhwala opha mabakiteriya, amene ambiri timawadziwa kuti maantibayotiki.

Tizilombo tosamva mankhwala ndi mabakiteriya omwewa, kungoti apeza njira yodzitetezera ku mankhwala amene kale ankawapha. Thupi la mwana si limene lasiya kumva mankhwala, koma mabakiteriyawo.

Mayina amene mungawaone pa pepala la kuchipatala

Dzina loyamba ndi ESBL. Limeneli ndi gulu la zida zimene mabakiteriya ena amapanga, ndipo zimaphwanya mankhwala a m'banja la penicillin ndi achibale ake. Mabakiteriya okhala ndi ESBL sagonja ku amoxicillin, ndiponso sagonja ku ceftriaxone, jakisoni amene zipatala zambiri zimadalira mwana akabwera ali thapsa. Mtundu wa ESBL umene wafala kwambiri padziko lonse umatchedwa CTX-M-15.

Dzina lachiwiri ndi CPE kapena CRE. Mankhwala wamba akakanika, madokotala amagwiritsa ntchito gulu lamphamvu lotchedwa carbapenem, ndipo lodziwika bwino m'gululi ndi meropenem. Mabakiteriya a CPE amaphwanya ngakhale mankhwala amenewa. Zida zawo zodziwika ndi NDM, OXA-48 ndi KPC. Chida cha OXA-48 chinapezeka koyamba mumzinda wa Istanbul ku Turkey mu 2001, pamene NDM chinapezeka mu 2008 mwa wodwala wa ku Sweden amene anali atagonekedwapo m'chipatala ku New Delhi. Pasanathe zaka zambiri, zida zonsezi zinali zitafika m'makontinenti osiyanasiyana.

Chimene chimachititsa kuti zifale msanga chotere n'chakuti malangizo opangira zida zimenezi amakhala pa timphete ting'onoting'ono ta DNA totchedwa maplasimidi. Mabakiteriya amapatsirana timphete timeneti ngati mmene anthu oyandikana nyumba amapalirana moto. Klebsiella akhoza kupatsira E. coli m'matumbo momwemo. N'chifukwa chake matumbo ndi malo ofunika kwambiri pa nkhani imeneyi: m'menemo ndi mmene mabakiteriya amitundumitundu amakumanirana.

Vutoli silinayambe dzulo. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza polandira mphoto ya Nobel mu 1945 kuti mankhwalawa akamamwedwa operewera, mabakiteriya adzawazolowera. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa mu 2022 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo mwa anthu asanu alionse, mmodzi anali mwana wosakwana zaka zisanu. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, imfazi zinali zambiri m'mayiko a mu Africa a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara.

Mmene mwana amatengera tizilomboti m'chipatala

Tizilomboti timachoka m'chimbudzi n'kufika pakamwa. Sitiuluka mumpweya ngati chimfine. Timayenda pamanja a anthu osintha matewera, pazitsulo za bedi, pamasinki, pamabotolo a mkaka, pazidole ndi pazipangizo zachipatala zimene sizinayeretsedwe bwino.

Kuchipatala kumakumana zinthu ziwiri. Choyamba, ana ambiri odwala amakhala malo amodzi ndipo amagwiridwa ndi manja ambiri. Chachiwiri, ambiri mwa iwo amakhala akulandira maantibayotiki. Mankhwalawa sasankha: amapha mabakiteriya oyambitsa matenda pamodzi ndi abwino a m'matumbo. Zili ngati munda umene walimidwa n'kusiyidwa wopanda mbewu. Chimene chapulumuka ndi chimene chimamera n'kudzaza munda wonse, ndipo apa opulumuka ndi mabakiteriya osamva mankhwala aja.

Kafukufuku wa m'mayiko a mu Africa amasonyeza kuti zimenezi zimachitika mofulumira. Pa wodi ina ya ana ku Antananarivo, m'dziko la Madagascar, ana 21 pa 100 alionse anali ndi mabakiteriya a ESBL m'matumbo pa tsiku logonekedwa, koma potuluka anali 57 pa 100 alionse. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2010. Ku Kilifi, m'dziko la Kenya, kafukufuku wa makhanda amene anasindikizidwa mu 2019 anapeza kuti khanda limodzi mwa khumi linali nawo pofika, ndipo mwa makhanda amene analibe, oposa theka anawatengera m'chipatala momwemo.

Ana amene ali pachiopsezo chachikulu ndi obadwa masiku asanakwane, ogonekedwa nthawi yaitali kapena kawirikawiri, amene ali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, onyentchera, olandira mankhwala a khansa, ndi amene aikidwa timapaipi mumtsempha, m'njira ya mkodzo kapena m'khosi.

Mmene zilili kuno ku Qatar

Mwana akadwala mwadzidzidzi, ambiri mwa ife timathamangira ku Pediatric Emergency Center ya ku Al Sadd, imene ili pansi pa Hamad Medical Corporation ndipo imagwira ntchito usana ndi usiku. Ana ofunika chithandizo chapadera amatha kutumizidwa ku Sidra Medicine, chipatala cha amayi ndi ana cha Qatar Foundation, chimene chinayamba kugoneka odwala mu Januwale 2018.

Akatswiri a ku Sidra Medicine akhala akufufuza nkhani yomweyi. Mu 2020 anasindikiza zotsatira zosonyeza kuti CTX-M-15 ndi mtundu wa ESBL umene umapezeka kwambiri mwa ana a m'dziko muno. Mu 2021 anasindikiza kafukufuku wina wa mabakiteriya a CPE opezeka m'matumbo mwa ana amene anayezedwa pachipatalapo. Ochuluka anali E. coli, kenako Klebsiella, ndipo zida zofala zinali NDM ndi za m'banja la OXA-48. Mabakiteriyawo anali amitundu yosiyanasiyana, zimene zikusonyeza kuti sanachokere kumalo amodzi.

Zimenezi n'zosadabwitsa. Anthu ambiri okhala ku Qatar ndi ochokera kumayiko ena, ndipo chaka chilichonse amapita kwawo n'kubwerera, ena ku India, ku Pakistan, ku Egypt, ku Philippines, ifenso ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique. Aliyense amabwerako ndi mabakiteriya a kumene anadya ndi kumwa. Namwino akafunsa ngati mwana anayendapo kunja kapena anagonekedwapo m'chipatala cha dziko lina, sikuti akutiona ngati anthu auve. Funso lomwelo amafunsa mabanja a mitundu yonse.

Mmene zilili kwathu ku Malawi

Dziko la Malawi lili ndi mbiri yolembedwa bwino pa nkhaniyi chifukwa cha ntchito ya chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, amene akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira mu 1998. Lipoti lawo la mu 2017 linasonyeza kuti pakati pa 2003 ndi 2016, mwa mabakiteriya opezeka m'magazi a odwala, E. coli wa ESBL anakwera kuchoka pa ochepera 1 kufika pa 30 pa 100 alionse, pamene Klebsiella anakwera kuchoka pa 12 kufika pa 90 pa 100 alionse. Izi zikutanthauza kuti ceftriaxone, amene zipatala zathu zimadalira kwambiri, sakuthanso kugwira ntchito pa matenda ambiri a Klebsiella.

Kafukufuku wina wa ku Blantyre komweko, wa mu 2022, anayang'ana matumbo a akuluakulu ogonekedwa ndi matenda a m'magazi. Pafupifupi theka anali ndi ESBL pofika, ndipo patatha sabata akulandira maantibayotiki, oposa atatu mwa anayi alionse anali nawo.

Tizilomboti sitili m'zipatala mokha. Kafukufuku wotchedwa DRUM, amene anayendera mabanja ku Ndirande, ku Chileka ndi ku Chikwawa, anapeza ESBL m'chimbudzi cha anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse, m'ndowe za ziweto pafupifupi 3 mwa 10, ndi m'madzi a m'mitsinje pafupifupi magawo awiri mwa atatu a madzi amene anayezedwa. Chiwerengero chinkakwera m'nyengo ya dzinja, pamene madzi a mvula amakokolola zonyansa n'kuzimwaza. Boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli ya zaka za 2017 mpaka 2022, koma muzu wake uli pa madzi abwino, zimbudzi ndi kagulitsidwe ka mankhwala, zinthu zimene sizisintha tsiku limodzi.

Ulendo wa kumudzi

Palibe chifukwa choletsera ana kukaona agogo awo. Chofunika n'kudziwa zimene ulendo umachita m'matumbo. Ofufuza a ku Netherlands anayeza anthu pafupifupi 2,000 asananyamuke ndiponso atabwerako kumayiko akutali, ndipo mu 2017 analengeza kuti munthu mmodzi mwa atatu anabwerako ndi ESBL amene analibe popita. Amene anamwa maantibayotiki pa ulendo kapena kutsekula m'mimba ndi amene ankatenga kwambiri. Theka la anthuwo linali litataya tizilomboti patatha pafupifupi mwezi umodzi, koma mmodzi mwa khumi anali akadali nato patatha chaka.

Choncho mwana akadwala m'miyezi yotsatira ulendo wa kumudzi, tiuze dokotala dziko limene tinapita ndi nthawi yake. Ngati anagonekedwa kapena kubayidwa majakisoni kumeneko, tibwere ndi kabuku kake ka kuchipatala kapena tijambule masamba ake pafoni. Dzina la mankhwala amene analandira ndi lofunika kwambiri. Titchulenso kuti tinali kudera la malungo, popeza kutentha thupi pambuyo pa ulendo wotere kumafuna kuyeza malungo tsiku lomwelo.

Kuyeza, kupatulidwa ndi zotsatira zake

Kuyeza kwa kathonje kuja kumatenga kamphindi kochepa, ndipo mwana amangomva kusowa mtendere pang'ono. Nthawi zina amangotengako chimbudzi cha pathewera. Zotsatira zikasonyeza kuti tizilomboti tilipo, mwana amaikidwa m'chipinda cha yekha kapena pamodzi ndi ana ena amene ali ndi tizilombo tofanana. Cholinga n'kuteteza ana ofooka kwambiri amene ali pawodi yomweyo. Chithandizo cha matenda amene anabwerera chimapitirira monga mwa nthawi zonse.

Madokotala kawirikawiri sapereka mankhwala ochotsera tizilomboti m'matumbo. Kuyesa kutero sikuthandiza kwa nthawi yaitali, ndipo kumatha kupha mabakiteriya abwino n'kusiya osamva aja atalimba kuposa kale. Mwa ana ambiri tizilomboti timachepa tokha pakapita miyezi, makamaka mwana akakhala kuti sakumwanso maantibayotiki. Mwa ena timakhalitsa kupitirira chaka, n'chifukwa chake chipatala chimalemba chizindikiro m'mbiri ya mwanayo ndipo chikhoza kumuyezanso akadzabweranso.

Akatuluka m'chipatala, mwana akhoza kupita kusukulu, kusewera ndi anzake, kudya ndi abale ake ndi kunyamulidwa monga kale. Sipafunika mbale yakeyake.

Zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala

Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi kufika madigiri 38, lionedwe ndi dokotala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Kwa mwana wa msinkhu uliwonse, tisachedwe ngati akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akubanika kapena kupuma mofulumira, wafooka moti akuvuta kudzutsa, wakomoka, manja ndi miyendo zazizira thupi likutentha, kapena watha maola ambiri osakodza. Kulira pokodza, mkodzo wonunkha kwambiri kapena kupweteka m'chiuno pamodzi ndi kutentha thupi zingasonyeze matenda a m'njira ya mkodzo, amene ndi matenda ofala oyambitsidwa ndi E. coli. Nambala ya ambulansi kuno ku Qatar ndi 999.

Tikafika, mawu oyamba akhale akuti mwanayu anapezekapo ndi ESBL kapena CPE. Dokotala akamva zimenezi amadziwa kuti mankhwala ena wamba akhoza kulephera, ndipo amatenga mkodzo kapena magazi kukayeza ku labotale kuti aone mankhwala amene angagwire. Pa matenda a m'magazi, maola ochepa otayika pa mankhwala osagwira ntchito amatha kuika moyo wa mwana pachiswe.

Zimene tingachite pakhomo ndi pawodi

Kusamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 ndi chida chachikulu kuposa zonse: tikasintha thewera, tikachoka kuchimbudzi, tisanakonze chakudya ndiponso tisanadyetse mwana. Mwambo wathu wosambira m'manja m'beseni limodzi tisanadye nsima tiusinthe pothirirana madzi, kuti womalizira asasambe litsiro la anzake. Pawodi, tisambe kapena tipake mankhwala a m'manja polowa ndi potuluka, tisabwerekane zidole, masupuni ndi matawulo ndi oyandikana nawo bedi, ndipo tili ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati wogwira mwana wathu wasamba m'manja.

Chachiwiri ndi kusamala ndi maantibayotiki. Chimfine, chifuwa wamba ndi kutsekula m'mimba kwa ana nthawi zambiri zimayamba ndi mavairasi, amene maantibayotiki sawapha. Dokotala akanena kuti mwana safunika maantibayotiki, sikuti watimana. Potsekula m'mimba, chofunika ndi madzi a ORS, amene kwathu timawadziwa kuti Thanzi, pamodzi ndi zinc. Kuno maantibayotiki amagulitsidwa ndi chikalata cha dokotala, ndipo ena mwa ife timabwera ndi Bactrim kapena makapisozi a amoxicillin m'chikwama kuchokera kumudzi kuti tizidzithandiza tokha. Chizolowezi chimenechi ndi chimene chimadyetsera tizilombo tosamva mankhwala m'matumbo mwa ana athu. Dokotala akalemba maantibayotiki, tipereke mlingo wake pa nthawi yake kwa masiku amene wanena, ndipo otsala tisasungire mwana wina.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linagawa maantibayotiki m'magulu atatu mu 2017: oyambira, ofunika kusamala nawo, ndi osungira matenda okanika. Amoxicillin ali m'gulu loyamba, pamene ceftriaxone ndi meropenem ali m'gulu lachiwiri. Jakisoni si wabwino kuposa mankhwala akumwa nthawi zonse. Mankhwala abwino ndi amene akwanira pa matendawo popanda kuwononga zambiri m'matumbo.

Chachitatu ndi kupewa kuti mwana asadwale n'komwe. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi kumathandiza mabakiteriya abwino kukhazikika m'matumbo mwa khanda. Katemera amachepetsa matenda amene akanachititsa mwana kugonekedwa. Dziko la Malawi linayamba katemera wa chibayo mu 2011, wa rotavirus mu 2012 ndi wa taifodi mu 2023. Mwana amene anayambira katemera kwathu, khadi lake tikalionetse ku chipatala chaching'ono cha m'dera lathu kuno kuti apitirize pamene analekezera. Tikakhala kumudzi, ana amwe madzi owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo adye chakudya chikadali chotentha.

Mawu kwa ana amene akuwerenga nafe

M'mimba mwanu muli tizamoyo tambirimbiri, ndipo tambiri timakuthandizani kugaya chakudya. Ngati adokotala anena kuti muli ndi tizilombo tosamva mankhwala, simunalakwe chilichonse ndipo palibe chochititsa manyazi. Ntchito yanu ndi kusamba m'manja ndi sopo mukachoka kuchimbudzi komanso musanadye, ndi kuuza amayi kapena abambo msanga mukamamva kupweteka pokodza kapena thupi likatentha.

Kwa makolo amene mwana wawo wapezeka nato, tisanatuluke m'chipatala tipemphe kuti atilembere dzina lenileni la tizilomboto ndi tsiku limene anayeza. Pepalalo tilisunge pamodzi ndi khadi la katemera, ndipo tiziyenda nalo kulikonse kumene mwanayo angakalandire chithandizo, kaya ndi ku Al Sadd, ku Lusaka, ku Tete kapena ku Blantyre.